Zigawo Ziwiri Zomwe Sitinaonere

1

Ngati munaonerapo sewero la pa televizau lotchedwa Chapa ya a Mathero, ndinu mmodzi mwa anthu ochepa, ndipo ndikulembera inuyo. Ambiri simunalimve n'komwe. Linkaoneka Lamlungu lililonse 16 koloko pa kanale ina yaing'ono ya ku Tete, nthawi imene amuna athamangira mpira ndipo akazi akudikira novela ya ku Brazil. Koma ife a ku Fonte Boa, pakhomo pa apongozi anga, tinkalikonda ngati tinalipanga ndife.

Ndine Rosita. Ndimagwira ntchito mu sekretariya ya sikola ina ku Ulongwe, kulemba mayina a ana ndi kudinda mapepala. Mwamuna wanga ndi Emílio, mlimi wa mbatatesi, ndipo tili ndi mwana mmodzi, Marisa. Timakhala bwalo limodzi ndi makolo ake a Emílio, abambo Silvestro ndi amayi Judite, amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera mu 1993.

A Mathero a m'seweromo anali woyendetsa chapa, minibasi yokalamba, chitseko chomanga ndi chingwe cha mbuzi, buzina, ndiye hutala, yolira pokhapokha akaponda buleki. Sabata iliyonse chapayo inkafera pamalo amodzimodzi, pansi pa mtengo wa mango, okwera n'kutsika kuyamba kukangana. Umaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako n'kupezeka ukupukuta misozi, chifukwa mmodzi wa okwerawo watulutsa chimene chakhala chikumudya mumtima. Ankalankhula Chinyanja chathu chenicheni, chosakaniza ndi Chipwitikizi, osati chija cha owerenga nkhani chomveka ngati munthu wameza ndodo.

Tikachoka ku misa n'kudya, aliyense ankadziwa malo ake. Abambo pampando wawo, Emílio pa benchi, amayi pamphasa, ine pafupi ndi chitseko, poti mpongozi sakhala moyandikana ndi apongozi ake aamuna. Abambo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Anthu athu awa," ankatero. "Chapa imeneyi ndinakwerapo ine."

Wokonda kuposa onse ndinali ine. Ku sikola anzanga ankandiseka kuti ndimaonera sewero la amphawi, loti ngakhale zithunzi zake zimanjenjemera, ndipo ndinkakwiya ngati andinyozera m'bale wanga. Zigawo zake zinayenera kukhala khumi ndi zitatu. Tinaonera khumi ndi chimodzi.

2

Mantha anayamba pa chigawo chachisanu ndi chitatu.

Tsiku limenelo mu chapa munakwera mayi wachikulire amene tinali tisanamuonepo, amayi awo a Mathero. Poyamba zinali zoseketsa. Anakana kulipira, anayamba kuphunzitsa mwana wawo kuyendetsa, anathamangitsa nkhuku ya munthu wina pamwendo pawo. Chapa itafa pa mtengo wa mango, mayiyo anakomoka ndi dzuwa. Anthu akumukupiza, chithunzi chinabwerera m'mbuyo, n'kutionetsa mayi yemweyo ali mtsikana, m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza, khanda lodwala chikuku lili m'manja.

"Zinalidi choncho," anatero abambo. "Chikuku chinatha ana kumeneko."

Mtsikana wa m'seweromo anafunsidwa kuti mwamuna wake ali kuti. Anayankha kuti ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Khandalo linafa. Sanalire. Anatenga thumba la ufa wa thandizo, analikutumula, n'kukulunga mwana wake m'menemo.

Nkhaniyi ndinkaidziwa.

Amayi anali kusankha nyemba m'lichero. Ndinamva nyembazo zasiya kulira. Sindinafune kuyang'ana, koma maso anapita okha. Sankayang'ana televizau. Ankayang'ana ine, pakamwa patatseguka pang'ono, nkhope itachita phulusa.

"Amake Emílio, mukuphonya," abambo anatero osacheuka. "Onani."

"Ndikuona," anayankha.

Nyimbo yomaliza itayamba, ndinanamizira kuti ndasiya madzi pamoto. Ndinapita kuseri kwa khola la nkhumba n'kusanza nsima yonse ya masana.

3

Ndikuuzeni chimene chinandisanzitsa.

Zaka ziwiri m'mbuyomo amayi anagonekedwa m'chipatala ku Ulongwe, chibayo chitawagwira. Wowadikirira ndinali ine. Tsiku lachinayi masana, ataona kuti mpweya ukuwathawa, anandigwira dzanja.

"Amake Marisa, bambo mfumu akuchedwa. Ndiuza inu."

Ndinasendera pafupi.

"Emílio amene ndinabala ine anafa ku Dedza ali ndi miyezi isanu. Abambo ake anali ku Kasungu. Tikananena za maliro, akanafufuta dzina lake pa kadi ya chakudya, ndiye anzanga anati ndisalire. Tinamuika m'mamawa, m'thumba la ufa, anthu anayi basi. Sabata yomweyo mkazi wa msasa woyandikana nane, wa ku Tsangano, anamwalira n'kusiya khanda lopanda mwini. Ine mkaka unali kutuluka wokha. Ndinamutenga. Kadi inali ya Emílio, kalata ya ubatizo inali ya Emílio, ndiye anakhala Emílio. Abambo ake anabwera patatha chaka ndi theka, anamunyamula akuseka, ine pakamwa panakana kutseguka. Mpaka lero."

Koma sanafe. Patatha masabata atatu anali kumunda. Nkhaniyo sitinaitchulenso, ndipo inandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Usiku ndi usana ndinkayang'ana mwamuna wanga ndikudziwa za iye zimene mwiniwake sadziwa.

Pamapeto pa chigawo chilichonse a Mathero ankayang'ana ife oonera n'kunena kuti amene ali ndi katundu wolemera mumtima atumize, chapa yawo imunyamulira. Pansi pankalembedwa nambala ya WhatsApp. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro, ndili ndekha mu sekretariya, ndinadina kabatani n'kulankhula mphindi zisanu ndi zinayi. Mayina ndinasintha. Dedza sindinasinthe, Kasungu sindinasinthe, ngakhale thumba la ufa ndinalisiya momwemo.

Musandifunse kuti nzeru zinali kuti. Ndinkafuna kutula, inde. Koma zoona zake n'zakuti ndinkafunanso anthu amene ndinkawakondawo adziwe kuti ku Fonte Boa kuli Rosita. Atandiyankha kuti "Obrigado mana," kutanthauza zikomo achemwali, "nkhani yamphamvu," ndinavina ndekha pakati pa mafaelo. Masabata anadutsa, ndinaganiza kuti anaiiwala.

4

Lolemba m'mawa amayi anandipeza pachitsime. Anadikira mpaka akazi ena atasenza ndowa zawo.

"Ndinakuuzani ngati munthu wakufa," anatero motsitsa mawu. "Inu mwakauza dziko lonse."

Ndinagwada m'matope momwemo. "Amayi, mayina ndinasintha."

"Thumba la ufa lili ndi dzina? Abambo anu si mwana. Akalumikiza, ndipita kuti ndi imvi izi? Nanga a Pascoal?"

A Pascoal ndi mng'ono wawo wa abambo. Akhala akulilira dimba lathu la kumtsinje kuyambira chaka chimene anthu anabwerera, ndipo chimene chimawatseka pakamwa n'chakuti abambo ali ndi mwana wamwamuna wolilima.

"Akangomva kuti Emílio si magazi a pano, mudzalima kuti? Ndipo Emílio akamva kuti mkazi wake anadziwa, n'kukauza a pa televizau iye osamuuza, mukuganiza kuti adzakusekererani?"

Zonsezo ndinali nditaziwerenga kale ndekha.

Lamlungu lotsatira ndinamasula waya wa batire la sola n'kuubisa m'nkhokwe. Abambo anagwiragwira televizau, anaimenya m'mbali, kenako anakwera njinga ndi msana wawo wowawawo n'kukabwereka batire kwa akatekisi. Anafika thukuta lili kamukamu, nyimbo yoyamba ikuyamba kumene. Tinaonera mtsikana uja akutola khanda la mnansi wake.

Pa chigawo chakhumi mwamuna wa mayi uja, tsopano nkhalamba, anayamba kukayikira. Anafunsa mkazi wake chifukwa chimene Mathero sanafanane ndi aliyense wa kwawo. Zinalembedwa moseketsa, nkhalambayo ikuyeza makutu a mwana wake ndi kachingwe iye ali mtulo, ndipo Emílio anaseka mpaka kugwa pa benchi.

"Amayi, si inu amenewa?" anatero akupukuta misozi. "Abambonso anali ku Kasungu. Abambo, tabwerani mundiyeze makutu."

Amayi anayesa kuseka, koma chimene chinatuluka chinali ngati chifuwa. Abambo sanaseke. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mkazi wawo, n'kubwezera maso pa televizau.

"Khala chete, tikumvera," anatero.

M'mawa mwake ndinaimbira nambala ija. Anayankha a Gerson, amene ankalemba ndi kutsogolera sewerolo. Ndinawauza kuti ndine mwini nkhani, ndikupempha aisiye, kapena aikhotetse.

"Mana, tinajambula kale zonse," anatero. "Ndipo ndikuuzeni, chiyambireni sitinalandirepo mauthenga ambiri chonchi. Anthu ayamba kutiona tsopano. Nkhani yanu ndi imene itipulumutse."

"Ikupha banja langa."

"Palibe amene akudziwa kuti ndi yanu. Limbani mtima, kwatsala zigawo zitatu."

Ndinatseka telefoni. Tsiku limenelo ndinadinda mapepala makumi awiri chozondoka.

5

Chigawo chakhumi ndi chimodzi ndinachionera ndikupemphera chamumtima. Amayi anali atawonda moti chitenje chinkawazungulira kawiri. Anati mutu ukuwawa, akagone, koma abambo anakana.

"Khalani, amake Emílio. Ichi tionere limodzi."

M'seweromo nkhalamba ija inakumana ndi munthu wa ku misasa ya ku Dedza, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali, ife osamva zimene akukamba. Kenako tinaiona ikufika kunyumba, ikuvula chipewa, ikuima pakhomo. Mkazi wake anali kusesa.

"Siya tsache," inatero nkhalambayo. "Khala pansi. Pali zimene ndikufuna kunena."

Nyimbo inayamba pomwepo.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Emílio akangonditchula dzina ndinkadzidzimuka. Njinga ya a Pascoal ikadutsa pamsewu ndinkaganiza kuti abwera ndi nkhani. Amayi anali atayamba kulongedza zitenje zawo m'kathumba, n'kukabisa pansi pa bedi langa.

Lamlungu linafika. Tinakhala m'malo athu. 16 koloko inakwana, ndipo pa televizau panabwera atsikana ovina nyimbo za ku Angola. Tinadikira. Anatha, panabwera ena. Kenako pansi panadutsa mawu ang'onoang'ono a Chipwitikizi, ndipo Emílio anawerenga mokweza: pazifukwa zosapeweka, Chapa ya a Mathero siionekanso.

"Siionekanso lero?" anafunsa abambo.

"Siionekanso basi. Yatha."

Amayi anatulutsa mpweya wautali. Ine ndinayang'ana pansi. Abambo anakhala pampando paja mpaka atsikana ovinawo atatha onse, kenako anadzuka n'kutuluka osatenga chipewa.

6

Ndinkayesa kuti tapulumuka. Koma abambo anasintha. Munthu wokonda nthabwala uja anasiya kuseka, nsima ankangoinyema pang'ono. Lamlungu lotsatira, misa itatha, anaima pakhomo pa tchalitchi ndi kope la Marisa n'kumapempha aliyense amene ankaonera sewerolo kuti alembe dzina. Ena ankawaseka kuti nkhalamba yapenga ndi televizau. Anayenda pa njinga mpaka ku Domwe, kwa ogulitsa mbatatesi anzawo. Anapeza mayina makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu.

Lachinayi madzulo dzuwa lisanalowe ananditumira uthenga kuti ndiwapeze kudimba. Chikwatiwireni anali asanandiitanepo pandekha. Ndinayenda ndikudziwa kuti tsiku lija lafika.

Ndinagwada patali, kutsidya kwa ngalande. Iwo anaima atatsamira khasu, akuyang'ana kumbali monga mwa ulemu.

"Amake Marisa, inu mumadziwa kulemba Chipwitikizi cha mu ofesi. Mundilembere kalata kwa eni televizau. Muwauze kuti sewero lija linali labwino kuposa zonse zimene amationetsa. Muwauze kuti ife anthu akumudzi tinkadziona m'menemo. Ngati sangalibwezere lonse, ationetse zigawo ziwiri zatsalazo basi."

"Ndilemba, abambo."

Ndinayamba kudzuka.

"Mukudabwa kuti nkhalamba ikulilira sewero."

"Ayi, abambo."

"Ndinkafuna ndimve kuti bambo uja anena chiyani." Anakanda dothi ndi khasu. "Ine ndakhala ndikufuna mawu amenewo zaka makumi atatu, sindikuwapeza."

Ndinagwadanso.

"Ndili ku Kasungu kunabwera munthu wochokera ku misasa, anandiuza kuti mwana wanga wafa ndi chikuku. Ndinalira ndekha m'chigafa cha fodya. Nditapeza ndalama ya ulendo n'kufika ku Dedza, ndinapeza mkazi wanga ali ndi mwana woyenda, akumutchula Emílio. Ndinayang'ana maso a mkazi wanga, ndinaona munthu woti ndikangofunsa afera pomwepo. Mwanayo anandigwira mwendo. Ndinamunyamula. Ndinati ndidzanena mawa. Mawa lakelo ndi lino."

Misozi inali kugwera pamalaya awo, koma mawu sanagwedezeke.

"Sewero lija litayamba nkhani imeneyi ndinati Mulungu wandimvera. Ndinati tikhala limodzi, bambo uja akalankhula, ine ndingoti, amake Emílio, mwamva? Inenso ndi momwemo. Tsopano andilanda. Ndani angachite nkhanza yotere, kudula nkhani pakamwa pa munthu?"

7

Wochita nkhanzayo anali atagwada patsogolo pawo.

Ichi sindinakuuzeni. Tsiku limene a Gerson anandikanira, sindinangodinda mapepala chozondoka. Anzanga ataweruka ndinatsala mu sekretariya. Ndinkadziwa kuti sewerolo linkayenda ndi thandizo la kampani ina yogulitsa mbewu, poti chizindikiro chake chinkaoneka poyamba ndi pomaliza. Ndinalemba kalata ya Chipwitikizi chosalala, yonena kuti ife amayi a mpingo a ku Angónia takhumudwa, sewerolo likunyoza anthu amene anavutika ku Malawi, likuti akazi athu ndi akuba ana, ndipo likapitirira mbewu zawo sitigulanso, tiuzanso amuna athu. Ndine mlembi wa gulu la amayi kutchalitchi kwathu, kaundula amakhala ndi ine. Ndinakopera mayina makumi anayi ndi awiri, n'kusayinira aliyense ndi zolembera zitatu zosiyana. Ena mwa amayiwo alibe n'komwe televizau.

Sindinkakhulupirira kuti zitheka. Zinatheka m'masabata awiri.

Kudimba kuja sindinaulule. Ndinalemba kalata ya abambo, ndinaitumiza ndi mayina awo onse, yankho silinabwere. Ndiye ndinaganiza kuti ndingowapezera mawu aja. Ndinaimbiranso a Gerson.

"Ndikupempha chinthu chimodzi. Nkhalamba ija inanena chiyani kwa mkazi wake?"



"Akampani anationetsa kalata ya amayi a mpingo ija," anatero a Gerson. "Yachokera ku Fonte Boa, patangopita tsiku limodzi inu mutandiimbira. Ine si mwana, mana."

Anapitiriza.

"Tinalipo anthu khumi ndi anayi. Amene ankasewera Mathero abwerera kokasenza matumba kumsika. Mayi amene ankasewera amayi ake anagulitsa makina osokera kuti tigule kamera. Zaka zinayi tikupempha mpata, ndipo anthu anali atangoyamba kutiona."

"Pepani."

"Mukufuna kudziwa mathero ake? Munalipha nokha. Malizani nokha."

Anatseka.

Masiku atatu ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndinkaopa a Gerson kuti akanena kupolisi za masiginecha aja. Ndinkaopa amayi a kutchalitchi. Koma koposa zonse ndinkaopa nkhalamba ziwiri za pakhomo pathu, wina kathumba kali pansi pa bedi, wina mawu atamuuma pakhosi, aliyense akuopa mnzake, ndipo wodziwa mbali zonse ziwiri ndili ine ndekha.

8

Loweruka masana Emílio ali kudimba, ndinapeza abambo atakhala pakhonde akukonza mpini. Ndinagwada pabwalo. Ndinanena zonse: za kuchipatala, za uthenga wa mphindi zisanu ndi zinayi, za waya wa batire, za kalata ya mayina abodza. Ndinkalankhula ndikuyang'ana dothi, ndikudikira mpini uja pamsana.

Nditamaliza anangoti, "Ndiye mawu aja mulibe."

"Ndilibe, abambo."

"Amake Emílio akudziwa kuti ine ndikudziwa?"

"Ayi. Alongedza kale zovala. Akudikira tsiku limene mudzawathamangitse."

Mpini unagwa m'manja mwawo. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni anandiyang'ana m'maso.

"Kawaitaneni."

Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Ataona ine ndili chogwada, nkhope yonyowa, anadziwa. Anakhala pansi pomwe anaimapo, patali ndi khonde, n'kuweramitsa mutu ngati munthu wodikira chigamulo. Ndinafuna kuchoka koma abambo anandikodola kuti ndikhale.

Anadzuka pampando. Anayenda mpaka pamene panali amayi, n'kukhala pansi padothi pambali pawo. Anatsegula pakamwa, anatseka. Anatsegulanso.

"Judite," anatero. Ndinali ndisanawamvepo akutchula dzina limenelo. "Manda aja a ku Dedza, pansi pa phiri, ndimakawalimirira chaka chilichonse. Munthu amene anandiuza anandionetsa malo ake. Ndikamati ndikukagula mbewu kumalire, ndimapita kumeneko. Ndinadzalapo mtengo, wakula. Chaka chino tipite tonse."

Amayi anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anawayang'ana. Kenako kunatuluka kulira kumene sindinakumvepo chibadwire, kulira kwa maliro kwenikweni, kumene anawaletsa m'mamawa uja ku misasa. Anagubuduka padothi akuitana mwana wawo, abambo atawagwira mapewa, nawonso akulira poyera.

Kulira kotero kumamveka kutali. Ndinaona anansi akutuluka m'nyumba zawo. Ndipo ndinaona Emílio akuthamanga kuchokera kudimba, khasu lili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anaima pakati pa bwalo akupuma movutika. Anayang'ana amayi ake akulira dzina lake iye ali moyo, anayang'ana abambo ake, anayang'ana ine.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

9

Abambo ake ndi amene anamuuza, m'nyumba, chitseko chotseka. Kwa anansi tinati amayi alandira uthenga wa maliro a m'bale wa ku Malawi, ndipo silinali bodza kwenikweni. A Pascoal sanamvebe. Abambo akuti tsiku limene adzamve, adzawauza pamaso pa aliyense kuti mwana amene anamunyamula ku Dedza ndi wawo, ndipo dimba ndi lake.

Emílio anawakhululukira makolo ake tsiku lomwelo. Anapita nawo ku Dedza, anagwira nawo khasu pamanda a mwana amene amatchedwa dzina lake. Ine sanandikhululukire. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Pamene ndinkaseka pa benchi paja, ndikuti andiyeze makutu, iwe unkadziwa kuti anthu a Tete yense akuonera ine?"

Ndinati inde. Anatenga malaya awiri n'kupita ku Domwe, kwa mnzake wogula naye mbatatesi. Ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri. Amabwera kudzalima, amadya kwa amayi ake, amanyamula Marisa, ine amandipatsa moni ngati mlendo wa mu chapa. Amayi akuti ndidikire, abwera. Ndikamva njinga pamsewu mtima umathamanga, chifukwa sindidziwa ngati akubwera kudzakhala kapena kudzatenga zotsala.

Inu owerenga, mayina ndasintha, ndipo ulendo uno ndasinthanso zina zimene poyamba ndinazisiya. Abambo ndi amayi ndawawerengera kalatayi ndisanatumize, avomera. Musatengere ine. Munthu akakuuzani chinthu akuganiza kuti akufa, n'kuchira, chinthucho chikadali chake. Ndipo mantha akakugwirani musathamangire cholembera monga ndinachitira ine, poti ndinawononga ntchito ya anthu khumi ndi anayi pofuna kutseka pakamwa pamene panayenera kutseguka kalekale.

Kwa inu amene munkadikira 16 koloko Lamlungu n'kupeza atsikana ovina, amene munakulandani ndine, osati eni kanale. Kwa a Gerson, kwa bambo amene munkasewera Mathero, kwa mayi amene munagulitsa makina anu: ndalembera akampani aja kuwauza kuti mayina onse makumi anayi ndi awiri ndinasayina ndekha, ndipo ndaika dzina langa lenileni ndi la sikola imene ndimagwirako. Ndikudziwa kuti ntchito ikhoza kundithera, ndipo ndikuopa kwambiri. Sewero lanu linali labwino. Linkatiseketsa osatinyoza, ndipo linapangitsa nkhalamba ina ya ku Fonte Boa kukhala pansi padothi pambali pa mkazi wake.

Zigawo ziwiri zija mukadali nazo. Ngati tsiku lina mudzapeza poonetsera, mundiuze. Sindidzapempha malo pa benchi. Ndidzaonera pafupi ndi chitseko, ngati pakhomo pano ndidzakhale ndikadalipo.